Kugula ndi khadi la ngongole ku Johannesburg: chitetezo chake chimafika pati?

Pakati pa Amalawi amene tikukhala ndi kugwira ntchito mu Johannesburg pali mawu amene amamveka kawirikawiri, makamaka ikayandikira nyengo ya Black Friday ndi ya Khirisimasi pamene ambiri timagula katundu wotumiza kumudzi, onena kuti munthu ukalipira ndi khadi la ngongole sungaberedwe chifukwa banki imakubwezera ndalama zinthu zikalakwika. Ndagwiritsa ntchito khadi lotere kwa zaka zingapo, ndinapemphapo banki yanga kuti indibwezere ndalama za katundu amene sanafike, ndipo ndathandizapo anzanga ena kulemba madandaulo awo. Maganizo anga ndi akuti chitetezochi chilipodi ndipo n'choyenera kuchigwiritsa ntchito, koma n'chopapatiza kuposa mmene chimatamandidwira, chili ndi nthawi yake imene ikadutsa chimatha, ndipo mbali yake yaikulu siichokera m'malamulo a dziko la South Africa.

Mfundo yomalizayi ndi imene imasokoneza anthu ambiri, ndipo chisokonezocho nthawi zambiri chimachokera kwa abale athu amene ali ku UK. Kumeneko kuli lamulo la Consumer Credit Act la 1974, ndipo gawo 75 la lamuloli limanena kuti munthu akagula chinthu cha mtengo woposa £100 koma wosapitirira £30,000 pogwiritsa ntchito khadi la ngongole, kampani imene inamupatsa khadilo imasenza mlandu limodzi ndi wogulitsa ngati wogulitsayo waphwanya pangano kapena ananama pofotokoza za katunduyo. Wogula wa ku London kapena ku Manchester angathe kusumira banki yake pa mlandu wa sitolo imene inatsekedwa kale. Achibale akamatiuza pa WhatsApp kuti banki ikuyenera kutibwezera chifukwa ndi lamulo, amanena zoona za kumene akukhala, koma lamulo limenelo silifika kuno. Lamulo loyendetsa ngongole ku South Africa, la National Credit Act la 2005, silinapatse banki udindo woterowo, ndipo munthu amene angalowe m'banki ku Rosettenville kapena ku Kempton Park n'kumatchula gawo 75 adzatulukamo chimanjamanja.

Chimene chilipo kuno ndi njira imene a mabanki amaitcha chargeback, ndipo imachokera m'malamulo a makampani a Visa ndi Mastercard, amene banki iliyonse yopereka makadi awo ndiponso wamalonda aliyense wolandira makadiwo anavomera kuwatsata. Mukalipira ndi khadi, ndalama zimachoka ku banki yanu kupita ku banki ya wogulitsa, kenako zimafika kwa wogulitsayo. Mukadandaula kuti katundu sanafike, kuti anakudulani kawiri pa chinthu chimodzi, kuti zimene zafika si zimene munaitanitsa, kapena kuti malipirowo simukuwadziwa n'komwe, banki yanu imatumiza dandaulolo ku banki ya wogulitsa n'kuitanitsa ndalamazo kuti zibwerere. Wogulitsa amapatsidwa mpata woyankha ndi umboni wake, monga chikalata chosainidwa chosonyeza kuti katundu analandiridwa, ndipo mabanki awiriwo akalephera kugwirizana, nkhaniyo imatha kukagamulidwa ndi Visa kapena Mastercard. Ubwino waukulu ndi wakuti banki ya wogulitsa ndi imene imasenza udindo wobweza ndalama ngakhale wogulitsayo atathawa kapena kampani yake itagwa, ndipo n'chifukwa chake njirayi imathandiza pamene njira zina zonse zatsekeka.

Dandaulo langa linachitika mu 2023, chaka chimene kuzimazima kwa magetsi kunafika poipitsitsa ndipo aliyense ankafunafuna inverter ndi mabatire. Ndinagula zipangizozi pa sitolo ina ya pa intaneti imene inkaoneka yodalirika, yokhala ndi nambala ya foni yoyankhidwa ndi mitengo yotsikirako pang'ono poyerekeza ndi masitolo akuluakulu. Analonjeza kuti katundu afika pasanathe mlungu umodzi. Mlunguwo utadutsa anayamba kupereka zifukwa, poyamba kuti katundu wachedwa ku doko la Durban, kenako kuti akudikira galimoto, ndipo pomaliza anangosiya kuyankha. Apa m'pamene lamulo la dziko linandithandiza, ngakhale kuti silinali lamulo la makadi. Gawo 46 la Electronic Communications and Transactions Act la 2002 limanena kuti wogulitsa pa intaneti ayenera kupereka katundu pasanathe masiku 30 chilandirireni oda, pokhapokha ngati munagwirizana za nthawi ina, ndipo akalephera, wogula angathe kuthetsa panganolo pomupatsa chidziwitso cholembedwa cha masiku 7. Ndinalemba imelo yachidule yotchula gawoli, yothetsa oda ndi kuitanitsa ndalama zanga. Sanayankhe, koma imeloyo inakhala yofunika kuposa mapepala ena onse amene ndinapereka ku banki, chifukwa funso loyamba limene amafunsa ndi lakuti kodi munayesa kuthetsa nkhaniyo ndi wogulitsa musanabwere kwa iwo.

Mmene banki inandilandirira ndi mbali imene ndili nayo mawu ambiri. Munthu woyamba amene ndinalankhula naye pafoni atangomva kuti ndaberedwa anafulumira kufuna kutseka khadi langa, poganiza kuti winawake waligwiritsa ntchito mwachinyengo. Zinatenga nthawi kuti timvane kuti ndinalipira ndine mwini, mwakufuna kwanga, ndipo vuto linali lakuti katundu sanabwere. Mabanki amasiyanitsa zinthu ziwirizi ndipo zimayendetsedwa ndi maofesi osiyana. Nkhani ya fraud ndi ya malipiro amene mwini khadi sanawavomereze, pamene dispute ndi ya malipiro amene anawavomereza koma wogulitsa sanakwaniritse mbali yake. Munthu amene Chingerezi chimamuvuta, kapena amene akulankhula ali wokwiya ndi wosweka mtima, angathe kulembetsa dandaulo lake pa mutu wolakwika, ndipo dandaulo loterolo limakanidwa mosavuta, chifukwa wogulitsa amangosonyeza kuti mwini khadi anavomereza malipirowo pafoni yake, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikuona kuti banki ili ndi udindo wofunsa mafunso oyenera poyambirira, m'malo moyembekezera kuti kasitomala adziwe yekha mawu a m'ofesi mwawo.

Nditafika ku ofesi yoyenera, zinthu zinayenda mwadongosolo. Ananditumizira fomu yofuna tsiku la malipiro, kuchuluka kwa ndalama, dzina la wogulitsa monga mmene likuonekera pa sitetimenti, tsiku limene katundu ankayembekezeka kufika, ndi kufotokoza mwachidule zimene zinachitika. Ndinaphatikiza imelo yotsimikizira oda, zithunzi za mauthenga a pa WhatsApp ndi kalata yanga yothetsa pangano, ndipo anandipatsa nambala ya dandaulo. Kenako panadutsa milungu ingapo popanda uthenga uliwonse, moti ndinkachita kuimba ndekha kuti ndimve pamene nkhani yafika, ndipo nthawi iliyonse yankho linali lakuti akudikira banki ya wogulitsa. Pamapeto pake ndalama zinabwerera zonse mu akaunti ya khadi, osachotsapo ngakhale senti. Pa zotsatira ndilibe chodandaula, ndipo ndikudziwa kuti ndikanalipira mwa njira ina ndalamazo zikanapitiratu. Pa kulumikizana ndi kasitomala banki inaperewera, chifukwa munthu amene akulipira ngongole ya katundu amene sanamuone amafunika kuuzidwa kuti nkhani yake ili pati ndipo akuyembekeza kuti idzatha liti.

Pali funso limene silifotokozedwa bwino pa nthawi yodikirayi, lakuti kodi ndalama zimene mukutsutsazo muzizilipira kapena ayi. Gawo 111 la National Credit Act limapatsa munthu ufulu wotsutsa, kudzera m'kalata, chilichonse cholembedwa pa akaunti yake ya ngongole, ndipo banki iyenera kuyankha molemba, kufotokoza malipirowo mokwanira kapena kuvomereza kuti panalakwika n'kukonza. Isanachite zimenezi siiloledwa kuyamba kukutengerani kukhoti chifukwa cha ndalama zotsutsidwazo. Ufuluwu ndi wofunika, koma musaganize kuti chiwongoladzanja chaima chokha, kapena kuti mungasiye kulipira ndalama zochepa zimene zimafunika mwezi uliwonse. Langizo langa ndi lakuti muzipitiriza kulipira monga mwa nthawi zonse, ndipo dandaulo likakuyenderani bwino mupemphe molemba kuti abwezenso chiwongoladzanja chimene chinabwera chifukwa cha ndalamazo. Kusiya kulipira chifukwa cha mkwiyo kumadetsa dzina lanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, ndipo dzina likadetsedwa kumeneko zimavuta ngakhale kupeza nyumba ya lendi kudzera kwa maajenti.

Nthawi ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Pa madandaulo ochuluka, malamulo a Visa ndi Mastercard amapereka masiku 120, owerengedwa kuchokera pa tsiku la malipiro kapena pa tsiku limene katundu kapena ntchito zinkayembekezeka kuperekedwa, ndipo mabanki amafuna kuti dandaulo lifike kwa iwo nthawiyo isanayandikire kutha kuti akhale ndi mpata wokonza mapepala. Ogulitsa achinyengo amaidziwa bwino nthawi imeneyi. N'chifukwa chake sakana poyera kubweza ndalama, koma amalankhula mwaulemu, amapepesa, amalonjeza kuti Lachisanu likubwerali zonse zikhala bwino, mpaka miyezi inayi imatha wogula akudikirabe. Ife Amalawi tinaleredwa kuti munthu akapepesa timumvere ndipo tisaoneke ngati okonda milandu, komanso ambiri a ife, pokhala m'dziko la eni, timapewa chilichonse chooneka ngati kukangana ndi ofesi. Khalidweli ndi labwino pakati pa anthu oona mtima, koma pa nkhani iyi limatayitsa ndalama, paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kulembetsa dandaulo ku banki sikulepheretsa wogulitsa kubweretsa katundu ngati alidi ndi cholinga chotero, ndipo akabweretsa, dandaulolo mungathe kulichotsa.

Mphamvu ya chargeback imaonekera bwino kampani ikagwa. Kampani ya ndege ya Comair, imene inkayendetsa kulula.com ndi ndege za British Airways za m'chigawo chino, inaimitsa maulendo ake kumayambiriro kwa Juni 2022 ndipo mwezi womwewo inalowa m'ndondomeko yotsekedwa, anthu ambiri ali ndi matikiti m'manja. Amene analipira ndi khadi anali ndi njira yopempha mabanki awo kuti abweze ndalama za ulendo umene sunachitike, pamene amene anatumiza ndalama mwachindunji ku akaunti analibe njira imeneyo, ndipo kampani ikamatsekedwa wogula wamba amakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere wa anthu oyenera kulipidwa. Aliyense amene amagula tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre kudakali miyezi, kapena amene amalipiriratu mipando ndi zipangizo zimene zidzabwere m'tsogolo, ayenera kuiganizira nkhani imeneyi. Ngati tikitiyo yagulidwa kudzera kwa ajenti, ndi bwino kuona dzina limene latuluka pa sitetimenti, chifukwa dandaulo limapita kwa amene analandira malipiro a khadiwo.

Pamene chitetezochi chimafooka kwambiri ndi pa nkhani za akathyali oimba foni. Gawo 94 la National Credit Act limanena kuti mukangodziwitsa banki kuti khadi latayika kapena labedwa, simuyenera kusenzetsedwa ngongole ya malipiro ochitika pambuyo pake, pokhapokha ngati pali siginecha yanu kapena umboni wokwanira wakuti ndinu munavomereza. Zimenezi n'zomveka, ndipo n'chifukwa chake nambala yotsekera khadi iyenera kukhala m'foni mwanu, makamaka popeza khadi lobedwa lingathe kugula zinthu za mtengo wochepa pongoligunditsa pa makina popanda nambala yachinsinsi. Koma umbava wofala masiku ano sufuna khadi lenilenilo. Bambo ena a kumpingo kwathu anaimbiridwa foni ndi munthu wolankhula mwaulemu, wodziwa dzina lawo lonse ndi banki yawo, amene anawauza kuti pali malipiro okayikitsa pa khadi lawo ndipo kuti aimitsidwe ayenera kumuwerengera nambala imene ifike pafoni pawo. Anawerenga, ndipo nambalayo inali OTP, nambala yogwira ntchito kamodzi imene banki imatumiza pafoni, yovomereza malipiro amene akathyaliwo ankachita pa nthawi yomweyo. Banki inakana kubweza, ponena kuti malipiro anavomerezedwa ndi mwini khadi, ndipo chargeback sinatheke chifukwa malipiro otsimikizidwa mwa njira imeneyi amachotsa mlandu kwa wogulitsa.

Ndinawathandiza bambowo kulemba dandaulo, ndipo nkhani yawo imandipwetekabe mtima. Ndikumvetsa kuti banki singalipire aliyense amene wapereka nambala yake, chifukwa ikatero anthu osaona mtima angapezerepo mwayi. Komabe sindikhutira ndi yankho longonena kuti OTP inaperekedwa ngati kuti mawu amenewo atseka nkhani yonse. Pali mafunso amene banki iyenera kuyankha, monga akuti n'chifukwa chiyani malipiro akuluakulu otsatizana, ochitika m'mphindi zochepa pa khadi la munthu amene sagula zinthu zotero, sanaimitsidwe kuti afufuzidwe, ndiponso kuti banki inachitapo chiyani ndi mofulumira bwanji atangoidziwitsa. Mafunso amenewa ndi oyenera kulembedwa m'dandaulo. Mfundo yoteteza ndi imodzi yokha ndipo ilibe kuchitira mwina: banki siimba foni kufunsa OTP, nambala yachinsinsi kapena manambala atatu a kumbuyo kwa khadi, ndipo woimba aliyense wofunsa zimenezi muyenera kumudulira foni n'kuimba nokha nambala yolembedwa pa khadi. Foni ikasiya mwadzidzidzi kulandira netiweki popanda chifukwa, muyeneranso kukayikira kuti SIM yanu yasinthidwa ndi mbava n'kudziwitsa banki nthawi yomweyo.

Katundu akafika koma ali wowonongeka kapena wosagwira ntchito, khadi silikhala chida choyamba. Apa lamulo lamphamvu ndi la Consumer Protection Act la 2008, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011, ndipo limateteza wogula kaya walipira ndi khadi kapena ndi ndalama zapamanja, kaya ndi nzika kapena wobwera. Gawo 55 limapereka ufulu wolandira katundu wabwino, wogwira ntchito imene anapangidwira ndiponso wolimba kwa nthawi yoyenera, ndipo gawo 56 limanena kuti katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6 chimulandirireni, wogula angathe kumubweza popanda chilango, n'kusankha kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe. Wosankha ndi wogula, osati mwini sitolo. Ngati anasankha kukonza ndipo vutolo labweranso pasanathe miyezi 3, sitolo iyenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Zikwangwani zolembedwa kuti sabweza ndalama, zimene timaziona m'mashopu ambiri a pakati pa tauni ndi m'misika ikuluikulu ya katundu wochokera kunja, sizingafafanize ufulu umenewu, ndipo wogula sakakamizidwa kulandira vocha m'malo mwa ndalama pa katundu wowonongeka. Chargeback ingatheke pa katundu wosiyana ndi amene analonjezedwa, koma banki imafuna umboni wakuti munamubweza kapena munayesa kumubweza, ndipo milandu yotsutsana za ubwino wa chinthu ndi yovuta kupambana poyerekeza ndi ya katundu amene sanafike n'komwe.

Ife otumiza katundu kumudzi tili ndi vuto lathulathu pa mfundo imeneyi. Filiji, TV kapena solar panel zimagulidwa Loweruka, pofika Lolemba zili kale m'tirela ya basi kapena m'galimoto ya transporter, kudutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi ku Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo bokosi limakatsegulidwa koyamba ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Mulanje. Zikapezeka kuti chinthucho sichikuyaka, ufulu wa miyezi 6 ulipobe papepala, koma sitolo idzafuna kuona katunduyo, ndipo idzakhala ndi chifukwa chomveka chonenera kuti anawonongekera panjira. Banki nayonso ilibe poyambira pa nkhani yotere. Choyenera ndi kutsegula bokosi kuno komwe, kuyatsa chinthucho, kuchisiya chigwire ntchito kwa masiku angapo ngati n'kotheka, kuchijambula chikugwira ntchito, ndi kusunga chithunzi cha lisiti m'foni, popeza lisiti lenileni nthawi zambiri limapita ndi katundu kuti likaonetsedwe kwa a MRA pachipata, komanso malisiti a m'makina amafufutika okha pakapita nthawi. Ponena za onyamula katunduwo, ambiri amalipidwa ndi ndalama zapamanja kapena zotumiza pafoni, choncho katundu akasowa panjira chitetezo cha khadi sichifikako ngakhale pang'ono.

Kusintha maganizo chabe ndi nkhani ina. Mukagula m'sitolo chinthu chimene munachiona ndipo chilibe vuto, lamulo silikakamiza sitolo kuchilandiranso, ndipo masitolo amene amalola amatero mwa ndondomeko yawo. Pa intaneti zinthu n'zosiyana, chifukwa gawo 44 la Electronic Communications and Transactions Act lija limapatsa wogula masiku 7 chilandirireni katundu oti athetse pangano popanda kupereka chifukwa, iye n'kulipira yekha mtengo wobwezera katunduyo, ndipo ndalama ziyenera kubwezedwa pasanathe masiku 30. Ufuluwu sukhudza zakudya, zinthu zopangidwa mwa oda ya munthu payekha, kapena matikiti a ulendo ndi malo ogona a tsiku lodziwika.

Chimene ndimachiona kawirikawiri, ndipo chimandidetsa nkhawa, ndi ogulitsa a pa intaneti amene amatsitsa mtengo kwa wolipira kudzera pa EFT kapena pa PayShap, zimene ndi njira zotumizira ndalama mwachindunji ku akaunti ya banki, kapena potumiza ndalama zokatapa pa ATM. Njira zimenezi n'zachangu ndipo n'zabwino potumizira munthu amene mukumudziwa, koma zilibe chargeback. Ndalama zikangochoka, banki ingathe kuyesa kuziitanitsa, koma ngati zatapidwa kale kapena wolandira wakana, palibe lamulo la Visa kapena Mastercard lozikokera kumbuyo. Wogulitsa wosadziwika amene akukana khadi n'kumaumirira EFT pa katundu wa ndalama zambiri akukupemphani kuti mutaye chitetezo chokhacho chimene muli nacho, ndipo kuchotsera pang'ono kumene akulonjeza sikulingana ndi zimene mungaluze. Pa Facebook Marketplace chiopsezo chimawirikiza, chifukwa kuwonjezera pa kusowa kwa khadi, Consumer Protection Act imakhudza ogulitsa amene kugulitsako ndi bizinesi yawo, osati munthu amene akungogulitsa foni yake yakale kamodzi. Palinso mashopu amene amawonjezera ndalama kwa wolipira ndi khadi, zimene malamulo a makadi salola, ndipo wogula ali ndi ufulu wolipira mtengo umene walembedwa pa katundu.

Chitetezochi chili ndi mtengo wake, ndipo ndemanga yachilungamo iyenera kuutchula. Kuyambira mu 2016, chiwongoladzanja cha khadi la ngongole chimaloledwa kufika pa repo rate, chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya dziko ya South African Reserve Bank imakhazikitsa, kuphatikizapo 14 peresenti pachaka, ndipo ndalama yoyendetsera ngongoleyo imaloledwa kufika R60 pamwezi, osawerengera VAT. Makadi ambiri amapereka masiku ofika 55 opanda chiwongoladzanja pa zogula, koma zimenezi zimagwira ntchito kwa amene amalipira ngongole yonse ya pa sitetimenti pa nthawi yake, ndipo kutapa ndalama pa ATM ndi khadi la ngongole kumayamba kubereka chiwongoladzanja tsiku lomwelo. Munthu amene amalipira zochepa zokha mwezi ndi mwezi amawononga ndalama zambiri pa chiwongoladzanja kuposa zimene chargeback ingadzamupulumutsire. Komanso si Mmalawi aliyense kuno amene angapeze khadi lotere, chifukwa mabanki amafuna pasipoti, pemiti yovomerezeka ndi umboni wa malipiro, ndipo lamulo limawakakamiza kuunika ngati munthu angakwanitse kubweza asanamupatse ngongole.

Amene sangathe kupeza khadi la ngongole asataye mtima, chifukwa khadi wamba la akaunti lokhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard nalonso lili ndi njira ya chargeback pa zogula. Kusiyana kwake n'kwakuti pa khadi wamba ndalama zimene zikudikiridwa ndi zanu zenizeni, za lendi ndi za chakudya, pamene pa khadi la ngongole ndi za banki. Popeza kuno kulibe lamulo lofanana ndi gawo 75 lija, sindiona chifukwa choti munthu atenge khadi la ngongole pongofuna chitetezo chokha. Ndiyeneranso kuchenjeza za chizolowezi chofala chopempha mnzathu wokhala ndi khadi kuti atigulire chinthu ife n'kumupatsa ndalama zapamanja. Zinthu zikalakwika, wololedwa kudandaula ku banki ndi mwini khadi yekha, ndipo ngati oda ili m'dzina lina, adiresi ili ya munthu wina ndipo mauthenga ali m'foni ya wachitatu, dandaulolo limavuta kulifotokoza ndipo chibwenzi chimayesedwa.

Banki ikakana dandaulo ndipo mukuona kuti sinachite chilungamo, nkhani siyenera kuthera pamenepo. Kuyambira mu Marichi 2024 pali bungwe la National Financial Ombud Scheme, limene linaphatikiza maofesi anayi akale omva madandaulo a makasitomala otchedwa ombudsman, wa mabanki, wa ngongole ndi awiri a inshulansi, ndipo limamva madandaulo kwaulere popanda kufuna loya. Limafuna kuti muyambe mwadandaula ku banki yanu n'kukhala ndi nambala ya dandaulolo, choncho nambala ija amapereka poyamba iyenera kusungidwa pamodzi ndi kalata yokana. Ngati mkangano uli ndi sitolo osati banki, ofesi yoyenera ndi ya Consumer Goods and Services Ombud ku Randburg, imenenso siilipiritsa, ndipo pamwamba pake pali National Consumer Commission. Njira ina imene ambiri saidziwa ndi Small Claims Court, imene malire ake anakwezedwa kufika R20,000 mu 2019, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya atayamba wapatsa womusumirayo kalata yoitanitsa ndalama ya masiku 14, ndipo kalaliki wa khoti amathandiza kulemba mapepala. Khotili limathandiza pokhapokha ngati wogulitsa ali ndi dzina lenileni ndi adiresi kumene masamoni angakaperekedwe, ndipo sitolo ya pa intaneti imene yangolemba nambala ya WhatsApp yokha ilibe zonse ziwirizi.